KHUNGWA NDILO MOYO WA MTENGO

 Lero tikambirana za khungwa la mtengo, ndi zimene zimaoneka pamene munthu alisenda kuzungulira thunthu lonse.

Nkhaniyi yabuka cifukwa ca zinthu ziwiri zimene ambiri a inu mwaziona ndi maso anu. Coyamba ndi ici. Munthu ali ndi mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yace m'komboni. Mtengowo ndi waukulu, wa masamba obiriwira bwino, koma zaka zingopita wosabala. Tsiku lina mnansi wace amuuza kuti, "Acimwene, muuteme-teme ndi cikwanje mtengo umenewu, mudzaona ubala." Iye autemadi, ndipo nyengo ya mango itafika nthambi zicita kuwerama ndi zipatso. Caciwiri ndi ici. Munthu wina amanga waya woyanikapo zobvala pa mtengo wace wa malalanje, naiwalako. Zitapita zaka ziwiri kapena zitatu waya uja walowa m'khungwa. Mtengo ubala koposa kale, mwini wace akondwera; koma caka cinzace masamba asanduka acikasu, nthambi ziuma, mtengo wafa.

Nanga zitheka bwanji kuti bala la mtundu umodzi libalitse mtengo wina ndi kupha unzace? Ena amati mtengo umaopa citsulo, ena amati pali mankhwala. Koma yankho lace liri pafupi, m'kati mwa khungwa momwemo. Amene alidziwa angathe kucurukitsa zipatso pakhomo pace. Amene salidziwa angathe kupha m'tsiku limodzi mtengo umene unakula zaka khumi.

NJIRA ZIWIRI ZA M'MTENGO

Tengani nthambi yaiwisi ya mombo, muidule, ndi kupenyetsetsa podulapo. Kunja kuli khungwa louma ndi lokakala, limene liri ngati cobvala ca mtengo, coucinjiriza ku dzuwa, moto ndi tizirombo. Pansi pace pali khungwa lam'kati, lofewa ndi lonyowa, lomwe lija timasendako luzi. Mukafundula luzi mudzapeza kuti mtengo wotsalawo uli woterera ngati wopakidwa therere. Kuterera kumeneko ndi kanembanemba kopyapyala kwambiri, kamene ophunzira za mitengo amati kambiyamu. Ndiko kamene kamanenepetsa mtengo, pakuti caka ndi caka kamapanga mtengo watsopano ca m'kati ndi khungwa latsopano ca kunja. Mukapitirira kanembanembako mufika pa mtengo woyera, ndipo pakati penipeni pali thima lolimba, limene m'mitengo monga mlombwa liri lofiirira.

Tsono m'mtengo muli njira ziwiri. Njira yoyamba iri m'mtengo woyera uja. M'menemo muli timipope tambirimbiri tosaoneka bwino ndi maso, ndipo madzi amene mizu yamwa m'nthaka amakwera m'timipopeto kufikira ku masamba. Njira yaciwiri iri m'khungwa lam'kati. Masamba ndiwo amaphika cakudya ca mtengo wonse: amatenga madzi, mpweya ndi kuwala kwa dzuwa, napanga shuga. Shugayo amayenda m'khungwa lam'kati kunka kuli konse kumene afunika, ku maluwa, ku zipatso, ku mphukira, ndiponso kutsika ku mizu.

Inu amene mumagwira nchito pansi pa mgodi mudzamva msanga zimenezi. Usana ndi usiku mapampu amakweza madzi kucokera pansi, ndi miyala ya kopa imakweranso. Koma anthu a pansiwo sangathe kukhala popanda zotsika kucokera kumwamba, monga mpweya ndi magetsi. Mizu ndiyo anchito a pansi a mtengo. Imakumba mumdima, nitumiza madzi ndi mcere wa m'nthaka kumwamba, koma siingathe kudzipangira cakudya, pakuti siona dzuwa. Phoso lace lonse licokera ku masamba, ndipo njira yace ndi imodzi yokha, ndiyo khungwa lam'kati.

MTENGO UKASENDEDWA KUZUNGULIRA

Tsopano tinene kuti munthu wasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, nasiya mphete yoyera yotambalala ngati cikhato. Kodi waononga ciani? Njira ya madzi sanaikhudze, cifukwa iri m'kati. Cotero mawa lace mtengo uoneka monga dzulo: masamba ali obiriwira, mthunzi ulipo. Koma njira ya cakudya waidula, ndi kanembanemba kokulitsa kaja kauma ndi dzuwa. Shuga wocokera ku masamba atsika, nafika pa mphete, naima. Mizu siilandiranso kanthu.

Mizu siifa tsiku lomwelo, pakuti iri ndi nkhokwe yace. Pa nyengo zabwino imasunga cakudya conga ufa, ndipo idzayamba kudya cimeneco. Mtengo waung'ono nkhokwe yace imatha m'miyezi yowerengeka. Mtengo waukulu ungathe kukhala caka cimodzi, ziwiri, kapena kupitirira. Koma nkhokwe yosalandira imatha ndithu. Timizu tating'ono timayamba kufa, madzi okwera amacepa, masamba amasanduka acikasu nayoyoka, nthambi za kunsonga zimauma, ndipo potsiriza mtengo wonse umafa ciriri. Anthu amadabwa poona mtengo ulikufa cifukwa ca bala la kale-kale limene analiiwala. Koma imfayo inayambira pansi, kumene maso sapenya.

Pali zizindikiro ziwiri zimene mungathe kuziona nokha. Coyamba, khungwa la pamwamba pa mphete limatupa, cifukwa cakudya caunjikana pamenepo, pamene la m'munsi silinenepa konse. Caciwiri, m'munsi mwa mphete mumaturuka mphukira zambiri. Uko ndiko kuyesayesa kwa mizu kudzipezera masamba ena oidyetsa. Mitengo monga bulugamu ndi miombo imaphukira kwambiri cotere, ndipo mphukirazo zikasiyidwa citsa cimakhalabe ndi moyo ngakhale thunthu la pamwamba lafa.

Zimenezi zinadziwika pang'ono-pang'ono. M'zaka za m'ma 1600 sing'anga wina wa ku Italy, dzina lace Marcello Malpighi, anasenda mitengo kuzungulira, naona kutupa kwa pamwamba pa bala, nazindikira kuti pali cinthu cimene cimatsika m'khungwa. M'caka ca 1837 Theodor Hartig wa ku Germany anaona timipope ta m'khungwa lam'kati. Ndipo m'caka ca 1928, pa cisumbu ca Trinidad, T. G. Mason ndi E. J. Maskell anayesa pa mitengo ya thonje, napeza kuti shuga amacurukadi pamwamba pa mphete ndi kucepa m'munsi mwace.

CIFUKWA CACE WOBVULALA UMABALA

Tibwerere ku mango aja a m'komboni. Cakudya cimene masamba aphika cimagawidwa pakati pa odya ambiri: mizu ifuna, mphukira zifuna, maluwa ndi zipatso zifunanso. Mtengo wonenepa, wokhala pa nthaka ya manyowa ambiri, kawirikawiri umangothera cakudya cace pa kukulitsa mizu ndi nthambi. Koma njira yotsikira ikatsekeka, shuga amatsalira kumwamba. Nthambi yokhuta shuga imaleka kuphuka masamba, nicita maluwa. Maluwa ambiri amagwira osayoyoka. Ndipo zipatso zimakula ndi kupsa msanga. Cikwanje cija sicinaopseze mtengo ai. Cinangodula zina mwa njira za cakudya kwa kanthawi.

Tsono kusiyana kwa mango aja ndi malalanje aja kuli apa. Mabala a cikwanje anali ang'ono ndiponso otayana, ndipo patapita masabata owerengeka khungwa la pamwamba ndi la m'munsi linakumananso, njira inatseguka, mizu inalandira phoso lace isanafooke. Koma waya sanacoke. Mtengo ponenepa, iye anamka nalowa m'kati, ndipo njira inatsekeka cikhalire. Zipatso zambiri zija zinali cakudya ca mizu cimene cinalephera kutsika. Mwini wace anadya malalanje a caka cimodzi, nalipira ndi mtengo wonse.

Alimi a zipatso a maiko ambiri amagwiritsa nchito nzeru imeneyi mwadala, ndi muyeso wace. Ku Greece akhala akucita cotero kuyambira kale pa mphesa zazing'ono zoumitsa, kuti maluwa agwire. Ku California, m'dziko la America, alimi a mphesa zopanda njere za mtundu wa Thompson Seedless amacotsa kamphete ka khungwa ka mamilimita 3 kufikira 6 pamene mphesa zangoyamba kugwira, ndipo mphesazo zimakula koposa zinzace. Ku Spain ndi ku South Africa amalemba ndi mpeni mitengo ina ya malalanje ndi manacesi pa nthawi ya maluwa kuti tizipatso tisayoyoke. Ku China amatero ndi mitengo ya lici. Konseko lamulo ndi limodzi: bala likhale lopapatiza, kuti lipole mizu isanamve njala.

Matenda enanso amasenda mtengo popanda mpeni. Alipo matenda a malalanje, dzina lace tristeza, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba. Pa mitengo yomezanitsidwa pa tsinde la lalanje lowawasa, matendawa amapha khungwa lam'kati pa mfundo yomezanitsira pomwepo. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 anapha mitengo mamiliyoni ambiri ku Argentina ndi ku Brazil. Kawirikawiri mtengo wogwidwa umabala tizipatso tambiri usanafe. Cifukwa cace mukaona mtengo wanu wa masamba acikasu wabala mopitirira muyeso, musafulumire kukondwa. Pitani mukaone pa tsinde pace.

MUKAFUNA KUYESA PA MTENGO WANU

Akulu anati, safunsa anadya phula. Musanatenge mpeni, yambani mwadzifunsa cifukwa cimene mtengo wanu sulikubala. Mango omera ku njere amatenga zaka 5 kufikira 8, kapena kupitirira, asanayambe kubala, pamene omezanitsa amayamba pa zaka 3 kapena 4. Mtengo wosakhwima suli waulesi, ungofuna nthawi. Mtengo wophimbidwa ndi mthunzi wa nyumba kapena wa mitengo inzace subala bwino. Mtengo umene mizu yace yafika pa ngalande ya madzi a m'nyumba kapena pafupi ndi cimbudzi umalandira madzi ndi manyowa caka conse, ndipo umangobala masamba. Palinso mango amene amacita maluwa bwino, koma maluwawo amagwidwa ndi cuku coyera ngati ufa, nayoyoka. Mpeni suciza cuku, ndipo suonjezera zaka za mtengo.

Ngati mtengo uli wokhwima, wamphamvu, wopanda matenda, wolandira dzuwa, ndipo ukanabe kubala, pamenepo mungathe kuyesa. Koma sungani malangizo awa.

Coyamba, musasende thunthu. Sankhani nthambi imodzi kapena ziwiri zonenepa ngati dzanja la munthu, ndi kusiya nthambi zina zonse, kuti zipitirize kudyetsa mizu. Mukatero, ngakhale mutalakwitsa, mudzataya nthambi, osati mtengo. Ndiponso mudzatha kulinganiza nthambi yosendedwa ndi zinzace, ndi kuona nokha ngati nchito yanu yapindula.

Caciwiri, samalani nthawi. Kuno kwathu mango amacita maluwa kuyambira Julaye kufikira Seputembala, ndipo amapsa kuyambira Novembala. Cotero nthawi yabwino ndi pamene mvula yangoleka, m'mwezi wa Epulo kapena Meyi, kuti shuga ayambe kuunjikana maluwa asanaturuke. Pa malalanje, ngati bvuto ndi kuyoyoka kwa tizipatso, alimi amalemba nthambi pamene maluwa ali pakati pa kugwa.

Cacitatu, gwiritsani nchito mpeni wakuthwa ndi woyera, osati cikwanje kapena nkhwangwa. Lembani mizere iwiri yozungulira nthambi, yotalikirana mamilimita 3 kufikira 5, ndiko kunena osafika pa kunenepa kwa pensulo. Cotsani kaluzi ka pakati pa mizereyo. Pa malalanje mzere umodzi wokha ukwanira, popanda kucotsa kanthu.

Cacinai, mpeni ulekezere pa khungwa. Mukamva kuti wagunda polimba, lekani kukanikiza. Mukalowa m'mtengo woyera mwadula njira ya madzi, ndipo nthambi idzafota m'masiku ocepa, kapena idzathyoka ndi mphepo itasenza zipatso. Kanembanemba koterera kaja musakapale, pakuti ndiko kadzathandiza bala kupola.

Cacisanu, yang'anirani balalo. Liyenera kutsekeka patapita mwezi umodzi kapena iwiri. Ngati dzuwa liomba pamenepo, mangani kansaru koyera mosathina, ndi kukamasula bala litapola. Thirirani mtengo pamene zipatso zirikukula, pakuti mizu yace yalandira zocepa.

Cacisanu ndi cimodzi, musabwereze caka ndi caka pa nthambi imodzimodzi. Walira mvula walira matope: zipatso zocuruka za caka cino zatengedwa m'nkhokwe ya mizu, ndipo nkhokweyo iyenera kudzazidwanso. Mtengo wosendedwa kawirikawiri umafooka ndi kukalamba msanga. Dziwaninso kuti mitundu ya mango siimvera mofanana. Ina imabala, ina siisintha konse. Mapapaya ndi nthoci musazisende, palibe phindu.

KUMERETSA MIZU PA NTHAMBI

Pali nchito ina yokoma imene mphete imeneyi imagwira. Kapena mnansi wanu ali ndi mtengo wa magwafa kapena wa mandimu wobala bwino, ndipo mufuna mbeu yace yeniyeni. Mutapempha, sankhani nthambi yonenepa ngati cala. Sendani mphete ya masentimita 2 kapena 3, ndipo nthawi ino palani kanembanemba koterera kaja, kuti bala lisapole. Kutirani pamenepo ndi dothi lonyowa losakaniza ndi masamba oola kapena utuci, kulungani ndi pulasitiki, ndi kumanga kumwamba ndi kumunsi. Cakudya counjikana pamwamba pa mphete cidzasanduka mizu. Patapita miyezi 2 kapena 3, mukaona mizu yoyera m'kati mwa pulasitiki, dulani nthambiyo m'munsi mwace, pungulani masamba, muioke m'citini pamthunzi kufikira italimba. Mtengo wotere umabala zipatso zofanana ndi za mai wace, ndipo umayamba msanga koposa wa njere. Magwafa, mandimu, lici ndi mabulosi amabvomera bwino; mango ndi obvuta.

ADANI A KHUNGWA PAKHOMO

Mitengo yambiri ya m'makomboni imafa cifukwa ca kusendedwa kosafuna. Waya woyanikapo zobvala tamchula kale. Palinso cingwe comangira mbuzi, cimene cimapekesa khungwa tsiku ndi tsiku, ndi mbuzi yomwe, imene imakungudza timitengo tating'ono. Pali waya wa mpanda wokulungidwa pa mtengo wamoyo, ndi kacingwe kamene tinamangira kamtengo ku cikhomo pooka, tinaiwala kukamasula. Pali khasu la wolambula pabwalo, ndi ana osema maina ao ndi mpeni. Yenderani mitengo yanu kamodzi pa caka, ndi kumasula ciri conse cimene cayamba kuthina.

Moto ndi mdani wamkulu. Amai ambiri amasesera zinyalala pa tsinde la mtengo ndi kuzitentha pomwepo. Kanembanemba kokulitsa kaja kamafa kakatenthedwa kufika pa madigiri 60, ngakhale khungwa la kunja lioneke longoda ndi mwaye. Kutentha mbali imodzi lero, mbali yina mwezi wa mawa, ndiko kusenda mtengo ndi moto. Ndi m'thengo momwe ziri cimodzimodzi. Pa Ndola, m'caka ca 1933, a za nkhalango anapatula zigawo za thengo la miombo, zina namazitentha koyambirira kwa cilimwe, zina kumapeto kwace, zina osazitentha. C. G. Trapnell analemba zotsatira zace mu 1959: kumene kunali kutenthedwa mocedwa caka ndi caka, udzu utauma gwa, miombo yambiri inatha, pamene kumene moto unali kufika msanga thengo linakhalabe.

Madzi naonso amapha malalanje ndi mandimu. Mukaunjika dothi kapena manyowa pa tsinde, kapena kulola madzi kuima pamenepo, khungwa limaola ndi kukha utomoni, ndipo kuolako kukazungulira mtengo wafa. Thirani madzi m'ngalande yozungulira patali pang'ono, tsinde likhale louma.

Nanga mtengo wosendedwa kale ungapulumuke? Ngati khungwa latsala mbali imodzi, makamaka ngati latsala theka kapena kuposa, mtengo ungathe kudziciza wokha. Dulani bwino khungwa lonyenyeka la m'mbali mwa bala, cotsani cimene cinaubvulaza, uthirireni, ndi kuuleka. Koma ngati mphete yakumana ndipo ndi yotambalala, pafunika kumanga ulalo. Alimi a maapozi a ku maiko ozizira amatero pamene akalulu ndi mbewa zadya khungwa m'nyengo ya cisanu. Amadula timphukira ta mtengo womwewo tonenepa ngati pensulo, totalika kuposa bala, nasongola nsonga zonse ziwiri. Nsonga imodzi amailowetsa pansi pa khungwa la m'munsi mwa bala, yina pansi pa khungwa la pamwamba, kamphukira kali ciriri monga kanamerera, osakazondotsa. Amaika tingapo kuzungulira thunthu, nakhomera ndi timisomali, namata ndi phula la njuci. Tikagwira, cakudya cimaoloka pa ife timaulalo timeneti kunka ku mizu. Nchitoyi ifunika kucitidwa msanga, ndipo ndi bwino kupempha mlangizi wa zaulimi kapena munthu wodziwa kumezanitsa kuti akuthandizeni.

MAKUNGWA A M'THENGO

Ambiri a inu munacokera ku midzi, ndipo mudzabwererako. Kumeneko khungwa ndi cuma. Ndi luzi timamanga nyumba ndi nkhokwe; makolo athu anabvala ciwondo, naoloka mitsinje pa makungwa. Ku Kabompo ndi ku Mwinilunga alimi a njuci amapanga ming'oma posenda khungwa lathunthu la mutondo kapena mombo, ndipo uci wa kumeneko umagulitsidwa kufikira kunja kwa dziko. Koma mng'oma uli wonse wa khungwa ndi mtengo umodzi wakufa. Pamene anthu anali ocepa ndi thengo lalikulu, thengo linali kudzibwezera lokha, ndipo alimi a njuciwo ndiwo amalisunga ku moto. Kumene mitengo yacepa, ming'oma ya matabwa ndiyo yoyenera. Wofuna luzi atenge ku nthambi kapena ku mitengo yodulidwa kale. Wofuna khungwa la mankhwala asende kacigamba kopapatiza cotsika, mbali imodzi yokha, ndipo asabwerenso pa mtengowo bala lisanapole.

Mwina wina adzati, "Nanga mlambe bwanji? Timausenda kuzungulira, njobvu za ku Luangwa zimaukungudza, koma sufa." Zoonadi. Mlambe uli ndi mphamvu imene mitengo yambiri iribe, ya kumeretsa khungwa latsopano pa thunthu losendedwa, ngakhale naonso umagwa njobvu zikaufukula kwambiri. Migwalangwa ndi nsungwi ziri ndi mapangidwe ena: njira zao za madzi ndi za cakudya ziri zomwazikana m'thunthu lonse. Ku Portugal kuli mtengo umene khungwa lace amapangira zotsekera mabotolo. Amausenda koyamba uli ndi zaka ngati 25, ndipo pambuyo pace zaka 9 ziri zonse, koma amacotsa khungwa la kunja lokha, nasamala kwambiri la m'kati. Musayese mango anu ndi muyeso wa mlambe.

Ilipo nthawi imene kupha mtengo mwa njira imeneyi kumathandiza. M'minda ya tiyi ya ku Mulanje, m'Malawi, tiyi anali kufa ndi matenda a bowa ochedwa Armillaria, amene amakhala m'mizu ya zitsa za mitengo yodulidwa, nafalikira ku mizu ya tiyi. M'caka ca 1937 Robert Leach anaonetsa kuti mtengo ukasendedwa kuzungulira ndi kusiyidwa ciriri nthawi yaitali usanagwetsedwe, mizu yace imamaliza nkhokwe yace, ndipo bowayo sapezamo cakudya cokwanira. Ku South Africa, kuyambira mu 1995, boma liri ndi nchito yochedwa Working for Water, yocotsa mitengo yacilendo imene imamwa madzi a m'mitsinje, ndipo kusenda ndi imodzi mwa njira zace. Koma ku Australia m'zaka za m'ma 1800 oweta nkhosa anasenda nkhalango zazikulu kuti udzu umere, ndipo m'malo ambiri nthaka inakokoloka pambuyo pace. Wofuna kupha mtengo cotere pafupi ndi nyumba kapena njira akumbukire kuti mtengo wouma ciriri umagwetsa nthambi osacenjeza. Akumbukirenso kuti m'nkhalango zosungidwa ndi boma, lamulo la nkhalango la Zambia la 2015 sililola kudula kapena kubvulaza mitengo popanda cilolezo.

MAU OTSIRIZA

Tsono, anzanga omvera, kumbukirani zitatu izi. Madzi amakwera m'mtengo woyera, cakudya cimatsika m'khungwa lam'kati. Bala lopapatiza, la pa nthambi, la pa nyengo yace, lingathe kukupatsani zipatso. Bala lotambalala, la pa thunthu, losapola, limapha mizu ndi njala. Ndipo mtengo wosendedwa sufa lero, cotero kubiriwira kwa masamba kusakunyengeni.

Mukaweruka ku nchito mawa, zungulirani mitengo ya pakhomo panu. Masulani waya, sunthani mbuzi, cotsani zinyalala pa tsinde. Mtengo wa mango wosamalidwa bwino umadyetsa amene anauoka, ana ace, ndi adzukulu omwe.